Kujambula Nkhope ya Munthu ndi Utoto Wamadzi: Mmene Timaphunzirira Pakhonde ku Mangochi

Pafupifupi aliyense wobwera kumene m'kalasi mwathu amachita chinthu chimodzimodzi akayesa yekha kujambula nkhope. Amasakaniza utoto wabulauni wambiri m'mbale, n'kuupaka nkhope yonse kuyambira pamphumi mpaka kuchibwano ngati akuzira nyumba. Kenako amatenga wakuda n'kuikapo maso, mphuno ndi pakamwa. Akamaliza amangoti kakasi, chifukwa munthu amene wakhala patsogolo pake ndi wamoyo, thukuta likunyezimira pamphuno, pomwe wa papepalayo wangoti phwatalala ngati chitseko.

Dzanja lake lilibe mlandu. Chamusokoneza ndi choti anakula akudziwa kuti khungu lathu ndi la mtundu umodzi. Tsiku lina mudzalawirire kugombe, kaya ku Malindi kaya ku Msaka, mukayang'anitsitse nkhope ya mayi amene akuyanika usipa pathandala. Pamphumi pake pali kuwala kwabuluu kochokera kuthambo. Masaya afiirira ngati njerwa yopsa bwino. Kunsi kwa chibwano kuli mdima wolowera ku pepo, ndipo chitenje chachikasu chimene wafunda chikubweza chikasu chake m'khosi. Mitundu yonseyi ili pankhope imodzi, ndipo utoto wamadzi ndi umene umaitulutsa bwino, poti umaonekera mkati: mukapaka wina pamwamba pa unzake, wapansiwo sufa, umawalirabe.

Ife timakumana Loweruka lililonse pakhonde la nyumba ina chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pamene Shire amadutsa polowera kunyanja ya Malombe. Alipo ana a sekondale, aphunzitsi awiri a pulayimale, ndi bambo wina wolemba zikwangwani za magolosale. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene timatsata.

Zofunika kukhala nazo

Ngati ndalama ili yochepa, iponyeni papepala. Ambiri amathamangira utoto, koma chimene chimagwetsa ulesi oyamba kumene ndi pepala loipa. La fotokope ndi la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala). Likangolawa madzi limakwinyika, utoto n'kukadikha m'makwinyamo. Lofunika ndi la 300 gsm lolembedwa kuti watercolour. Lilipo lokhakhala pang'ono, lotchedwa cold press, ndi losalala, lotchedwa hot press. Tengani lokhakhalalo, chifukwa limasunga chinyezi nthawi yotalikirapo, ndipo kuno kotentha chinyezi n'chosowa. Mapepala opangidwa ndi thonje lokhalokha, monga a Arches a ku France, ndiwo apamwamba koma ndi odula. A Canson wamba amakwanira pophunzira. Ife timatuma amene akupita ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ngakhalenso achibale obwera kuchokera ku Johannesburg, n'kugawana. Pepala la A3 timalidula pakati kuti patuluke ma A4 awiri, ndipo kumbuyo kwa chithunzi cholephereka timayeserako utoto.

Utoto mitundu isanu ndi wokwanira: yellow ochre, wooneka ngati udzu wouma wa m'chilimwe, burnt sienna, ngati katondo, burnt umber, ngati khofi wopanda mkaka, ultramarine blue, ngati nyanja yakuya dzuwa lili paliwombo, ndi alizarin crimson, wofiira wolowera ku magazi. Mitundu itatu yoyambayo poyamba inkakumbidwa pansi, ndi dothi lokhala ndi dzimbiri la chitsulo. Sienna anatengera dzina la mzinda wa Siena ku Italy, ndipo akati burnt ndiye kuti dothilo analiwotcha mpaka linafiira, monga njerwa yaiwisi imachitira mu uvuni. Chimene chimamata utoto papepala ndi utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe, umene wambiri umachokera ku Sudan. Utomoniwu umasungunukanso ukakumana ndi madzi ngakhale utauma kale. Musaiwale zimenezi, chifukwa m'menemo muli chipulumutso chanu mukalakwitsa, komanso ngozi yanu mukachulutsa kusisita.

Timabokosi ta ana a sukulu ta mitundu 12 timakopa maso, koma ndi chikomekome cha mkuyu: utoto wake uli ndi choko chambiri, ndipo ukauma nkhope imatuwa ngati ya munthu amene wasamba osadzola. Ngati ndi tomwe muli nato, yambani nato, koma mukapeza mpata gulani timachubu ta ophunzira monga ta Cotman ta Winsor & Newton. Kachubu kamodzi kamakhala miyezi. Utoto woyera ndi wakuda muuchotse m'bokosi n'kuusunga kutali. Choyera chathu ndi pepala lenilenilo, ndipo chakuda timapanga tokha.

Maburashi awiri ozungulira, wa nambala 10 kapena 12 ndi wa nambala 4. A nayiloni ali bwino, bola akanyowa azisongoka nsonga imodzi. Onjezerani pensulo ya HB, labala wofewa, thabwa losalala, tepi wa pepala womatira m'mbali, mbale yoyera yosakanizira, kansalu ka thonje kong'amba ku malaya akale, ndi zigubu ziwiri zodula pakati: china chotsukira burashi, china cha madzi oyera okhaokha. Ngati mjigo wa kwanu uli ndi madzi amchere, tungani a pampopi kapena a mvula.

Nthawi, malo, ndi munthu woti mumujambule

Dzuwa la Mangochi ndi mphunzitsi wankhanza. Mu Okutobala ndi Novembala, utoto umene mwapaka patsaya umauma musanabweze burashi kuchokera m'mbale, n'kusiya mzere wouma pakati pa nkhope. N'chifukwa chake timayamba 6 koloko m'mawa n'kuweruka cha m'ma 10. Khalani pamthunzi, pobisika ku mphepo, makamaka miyezi ya mwera. Nthawi ya dzinja zimatembenuka: pepala limachedwa kuuma, ndipo amene sadikira amaononga ntchito.

Munthu womujambula akhale m'mphepete mwa khonde kapena pafupi ndi chitseko chotsegula, kuti kuwala kumugwere kuchokera mbali imodzi. Tsaya lina liwale, lina lilowe mumthunzi. Popanda zimenezi mulibe chojambula, chifukwa chimene chimatukula mphuno papepala ndi mthunzi wake, osati mzere. Dzuwa la masana limaika maso m'maenje akuda, ndipo chithunzi cha foni chojambulidwa ndi fulashi chimapha mithunzi yonse.

Pemphani kaye, ndipo pemphani mwaulemu. Kuno kuli anthu ambiri amene chifukwa cha chipembedzo kapena mtima wawo safuna kuti nkhope yawo iikidwe papepala. Akakana, thokozani n'kupita. Ife timanena mosabisa: "Amayi, tili ndi kalasi yojambula. Mungatilole tikujambuleni Loweruka m'mawa? Tikupatsani kangachepe ka nthawi yanu." Kangachepeko n'koyenera, poti munthu wasiya geni yake. Muwapatse mpando wotsamira, muwasankhire chinthu choti aziyang'ana, monga mtengo wa mango uli patsidya, ndipo apume pakatha mphindi 20 zilizonse. Jambulani ndi foni mmene akhalira, kuti akadzuka mudziwe powabwezera. Ana sakhazikika, choncho kwa iwo gwiritsani ntchito chithunzi cha foni, makolo atavomera.

Loweruka loyamba: musajambule nkhope

Ambiri amanyinyirika ndikanena izi, koma tsiku loyamba lonse ndi la madzi. Sakanizani burnt umber ndi madzi m'magawo atatu. Woyamba akhale ngati tiyi wopanda mkaka, woti mukapendeketsa mbale akuthamanga. Wachiwiri ngati thobwa, woyenda koma mochedwerapo. Wachitatu ngati phala la mwana, wongosuntha pang'ono. Mayina atatuwa ndi amene timagwiritsa ntchito m'kalasi monse, ndipo ndikati "pamenepo ikani thobwa" aliyense amamva.

Jambulani timabokosi tisanu. Koyamba kasiyeni koyera, kotsiriza kakhale kakuda kwambiri mmene mungathere, tapakatipo tizinka tikuda pang'onopang'ono. Tikauma mudzaona chinthu chimene chimadabwitsa aliyense: utoto wamadzi ukauma umayererako kuposa mmene umaonekera uli wonyowa. Choncho mthunzi umene ukuoneka wokwanira uli wonyowa, ukauma udzakhala woperewera.

Kenako phunzirani kupaka malo aakulu mopanda mizere. Pendeketsani thabwa pang'ono poika buku kunsi kwake chakumtunda. Dzazani burashi yaikulu, kokani mzere kuchoka kumanzere kupita kumanja. Kunsi kwa mzerewo kudzasonkhana timadzi tolendewera. Mzere wachiwiri udutse m'timadzimo n'kutitsitsa, wachitatu chimodzimodzi, mpaka pansi. Musabwerere m'mbuyo kukakonza. Pomaliza finyani burashi pakansalu n'kuyamwitsa timadzi totsala.

Yang'anitsitsaninso mmene pepala limaumira. Likamanyezimira, mukhoza kudonthezapo utoto wina ndipo udzafalikira mofewa. Kunyezimira kukangotha koma chinyezi chikadalipo, chotsani manja. Mukaikapo burashi yamadzi nthawi imeneyo, madziwo amakankha utoto n'kusiya chigamba chozungulira ngati chipere. Pofuna kudziwa ngati lauma, ligundeni ndi kuseri kwa zala: likamazizira, likadali lonyowa mkati.

Kuika nkhope ndi pensulo

Matani pepala pathabwa ndi tepi mbali zonse zinayi. Jambulani mutu waukulu ngati chikhatho chanu, osachepera apo, chifukwa kankhope kakang'ono sikapatsa madzi malo oyendamo.

Yambani ndi dzira lopepuka, kenako mzere wotsika pakati pa nkhope ndi wina wopingasa wa maso. Apa ndi pamene pafupifupi aliyense amaphonya: maso amakhala pakati penipeni pa mutu, mukayeza kuchokera paliwombo kufika kunsonga ya chibwano. Ambiri amawakweza pamwamba, munthu n'kusowa mphumi. Pakati pa maso awiri pamakwana diso lina. Kunsi kwa mphuno kumagwa pafupifupi pakati pa nsidze ndi chibwano. Makutu amayambira chapamzere wa nsidze n'kuthera pamzere wa kunsi kwa mphuno. Kwa mwana wamng'ono maso amatsikirako, mphumi n'kukula.

Miyeso imeneyi ndi ya munthu aliyense, ndiye kuti si ya munthu wanuyo. Chimene chidzachititse abale ake kunena kuti "awa ndi amalume" ndi pamene iye akusiyana ndi miyesoyo: mphuno yotambalala kuposa mpata wa pakati pa maso, chibwano chachifupi, diso lina lotsinzinirako. Tambasulani mkono wonse mutagwira pensulo, tsekani diso limodzi, yezani ndi chala chachikulu kutalika kwa mphuno, muyerekeze ndi kutambalala kwa pakamwa. Yezani kawiri, jambulani kamodzi, poti labala akachuluka amakanda pepala ndipo pokandikapo utoto umadetsa.

Zikatero tsinzinani pang'ono, osatseka maso kwenikweni. Tizinthu ting'onoting'ono tidzasowa, padzatsala mbali yowala ndi mbali yamthunzi. Lembani malire a mthunziwo mopepuka. Zungulizaninso malo ong'anima kwambiri: pamphumi, pamsana pa mphuno ndi kunsonga kwake, pamwamba pa fupa la tsaya, pamlomo wam'munsi, ndi kadontho ka m'diso. Malo amenewa ndi oti muwatchinjirize mpaka kumapeto.

Nkhope zanu ziwiri kapena zitatu zoyamba muzipake ndi burnt umber yekha: tiyi, thobwa, phala. Mukatha kutukula nkhope ndi mtundu umodzi, mitundu inayo sidzakuvutani.

Kupaka khungu

Musanakhudze pepala, sakanizani utoto wochuluka kuposa umene mukuganiza kuti mufuna. Kuno simungaime pakati pa tsaya kuti mukasakanize wina.

Kupaka koyamba kumaopsa, chifukwa sikufanana ndi munthuyo ngakhale pang'ono. Tengani yellow ochre ndi burnt sienna pang'ono, zikhale tiyi. Ndi burashi yaikulu pakani nkhope yonse, makutu, khosi, mpaka kulowa m'tsitsi, kulambalala malo ong'anima aja. Pepala likadanyezimira, donthezani alizarin wosungunuka kwambiri m'masaya, m'milomo, kunsonga ya mphuno ndi m'makutu, kumene magazi ali pafupi ndi khungu. Tsukani burashi, tengani ultramarine wopepuka ngati utsi, mumuike mozungulira pong'anima pamphumi ndi pafupa la tsaya. Khungu lakuda lili ngati nyanja m'mawa, limabweza thambo, ndipo kabuluu kameneko ndi kamene kamapangitsa mphumi kuoneka yosalala ndi yamoyo. Tsopano nkhope yanu ikuoneka yachikasu ndi zigamba zofiira. Zili bwino. Ikani burashi pansi, kamweni madzi, dikirani iume gwaa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zithunzi zambiri zimene ndaziona zikuonongeka m'kalasi mwathu zinaonongekera pano, munthu atalephera kudikira mphindi zisanu.

Kupaka kwachiwiri ndiko kumabweretsa mtundu weniweni wa munthuyo. Burnt sienna ndi burnt umber pang'ono, pakati pa tiyi ndi thobwa. Pakani paliponse kupatula mbali zimene zikulandira kuwala mwachindunji. Dutsani kamodzi, mopepuka, ngati mukupukuta mwana misozi. Mukasisita, utomoni wapansi uja umasungunuka, mitundu n'kusanduka matope. Malire a utoto watsopanowu musawasiye akuthwa pamalo obulungira monga tsaya ndi mphumi. Khalani ndi burashi yachiwiri yoviika m'madzi oyera n'kufinya pakansalu, muidutsitse m'mphepetemo nthawi yomweyo kuti malirewo asungunuke. Nthawi yotentha pakani kachigawo, sungunulani, kenako pitani pena. Dikiraninso.

Kachitatu ndi mthunzi. Sakanizani burnt umber, ultramarine ndi kadontho ka alizarin, zikhale thobwa. Mudzapeza mtundu wakuya wolowera ku pepo, wokhala ndi kutentha mkati, umene utoto wakuda wa m'chubu sungakupatseni. Tsinzinaninso, muone kuti mthunzi wa m'diso, wa m'mbali mwa mphuno, wa kunsi kwa tsaya ndi wa m'khosi ndi wolumikizana, ngati mtsinje ndi timifuleni take. Upakeni choncho, osati ngati zigamba zosiyana. Pamene mthunzi wagwa kuchokera ku chinthu china, monga kunsi kwa mphuno kapena kunsi kwa duku, malire akhale akuthwa. Pamene nkhope ikungokhota kuthawa kuwala, malire akhale ofewa. Ndipo kumapeto kwenikweni kwa tsaya lamthunzi, chakunsagwada, siyani kampata kopepukirako, poti pamenepo pamafika kuwala kobwerera kuchokera pansi kapena pachovala. Pakhonde lathu pansi pali simenti yofiira, ndipo zibwano zonse zimatuluka ndi kamoto kunsi.

Munthu woyererako angakwanire ndi kupaka kutatu kumeneku. Wakuda kwambiri amafuna kubwereza kwachiwiri kuja kamodzinso, utoto wake utaonjezeredwa buluu pang'ono, ndipo kwa iye kusiyana kwa pong'anima ndi khungu lozungulira kumakhala kwakukulu. Musaope kuda. Ophunzira ambiri amasiyira panjira, munthu n'kutuluka wotuwa ngati wodwala, chifukwa choopa kuononga. Yerekezani ndi timabokosi tisanu tija: pankhope yomalizidwa payenera kupezeka tonse, kuyambira koyera mpaka kakuda.

Maso, mphuno, pakamwa

Tengani burashi yaing'ono tsopano, koma musasanduke wolemba kalata. Diso si chinthu chozunguliza ndi mzere. Ndi mpira wokhala m'dzenje, wofunditsidwa ndi zikope. Choyera cha diso si choyera: chipakeni kabuluu kosakaniza ndi ochre kopepuka kwambiri, ndipo kwa asodzi amene agona panyanja usiku wonse ndi nyali, onjezerani kofiira m'makona. Chikope cham'mwamba chimagwetsa mthunzi padiso, choncho mzere wam'mwamba ndi wakuda ndi wokhuthala, wam'munsi ndi wongoyerekeza. Pakati pa diso yambani ndi burnt sienna, akauma ikani phala la umber ndi ultramarine chakumtunda ndi pamwana wa diso, kulambalala kadontho kowala. Kadontho kameneka kakhale mbali imene kuwala kukuchokera, m'maso onse awiri. Agogo ambiri ali ndi kamkombero kotuwirako mozungulira chakuda cha diso. Mukakaona kaikeni, kamanena zaka kuposa makwinya. Pakani maso onse awiri nthawi imodzi, apa pang'ono apo pang'ono, kuti asasiyane.

Mphuno ilibe mizere m'mbali. Mwaimanga kale ndi mthunzi. Chatsala ndi mabowo, amene ndi ang'ono kuposa mmene mukuganizira, ndipo mtundu wake ndi umber ndi alizarin, osati wakuda bii.

Mlomo wam'mwamba umayang'ana pansi, choncho ndi wakuda kuposa wam'munsi, umene umalandira kuwala. Mdima weniweni uli pamzere wokumanirana milomo, makamaka m'makona, ndipo mzerewo usakhale wofanana kukhuthala kuyambira uku mpaka uko. Samalani nawo makonawo. Tsiku lina agogo ena ogulitsa mandasi, atakhala nafe m'mawa wonse, anatenga chithunzi cha mtsikana wina wa Fomu 3 n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mdzukulu wanga, maso ndi angadi, koma pakamwapa wandikwiyitsa bwanji? Ine ndimakhala chonchi?" Makona a pakamwa anali atatsika pang'ono chabe, osakwana kukhuthala kwa njere ya mpunga. Mtsikanayo ananyowetsa pamenepo, anayamwitsa ndi kansalu, n'kukweza mdimawo, ndipo agogo aja anabwerera papepala. Za mano, poyamba zipeweni: munthu atseke pakamwa. Mukadzafika pojambula woseka, musalembe mizere pakati pa mano, ingoikani mthunzi m'makona ndi kunsi kwa mlomo.

Makwinya sankhani atatu kapena anayi amene akunena za munthuyo, ena asiyeni. Lililonse likhale ndi mbali imodzi yakuthwa, ina yosungunuka.

Tsitsi, duku ndi kumbuyo

Tsitsi ndi chinthu chimodzi chokhala ndi mbali yowala ndi yamthunzi, osati ulusi wowerenga. Yambani ndi buluu wopepuka pamene likuwala, kenako phala la umber ndi ultramarine kwina konse. Tsitsi lalifupi limatuluka bwino ndi burashi youma pang'ono, yokhudza pepala chogona kuti kukhakhala kwa pepala kuoneke. Pamene tsitsi likukumana ndi mphumi sungunulani malire, apo ayi lidzaoneka ngati chipewa. Loluka, onetsani mizere ingapo ya kutsogolo, yakumbuyo ingosowera mumdima. Imvi ndi pepala losiyidwa.

Duku, hijabu kapena chitenje chili ndi msampha wake: maluwa ake amakoma kujambula, ndipo munthu amathera ola lonse pamenepo mpaka nsalu kulanda nkhope. Ikani mtundu wake waukulu, mapindo awiri kapena atatu, ndi timaluwa tochepa pafupi ndi nkhope. Chofunika kwambiri ndi mthunzi umene nsaluyo yagwetsa pamphumi ndi m'masaya, chifukwa ndi umene umaivalitsa pamutu.

Kumbuyo musadzaze nyanja ndi mabwato. Utoto wopepuka wa buluu wosakaniza ndi sienna, woikidwa mbali imodzi n'kusungunuka, ndi wokwanira.

Zikalakwika

Pamene pada kwambiri, nyowetsani ndi burashi yoyera, dikirani kamphindi, dindani ndi kansalu kouma. Musapukute, dindani. Njira yomweyi imabweza kuwala pamphuno ngati munakuphimba, ngakhale sikudzayera ngati pepala losakhudzidwa. Sienna, umber ndi ultramarine amachoka mosavuta; alizarin amalowerera m'pepala, choncho muzimuika mosamala kuyambira pachiyambi. Chipere chikatuluka, musalimbane nacho chili chonyowa. Chisiyeni chiume, kenako sungunulani m'mphepete mwake. Pakasanduka matope, palibe mankhwala. Malizani chithunzicho mmene chilili kuti muphunzire zotsalazo, mawa muyambe china.

Mukaona kuti china chake chapotoka koma simukuchipeza, onetsani chithunzicho pagalasi loyang'anira. Diso lokwera kapena chibwano chokhota chimaonekera nthawi yomweyo. M'kalasi timaimika zithunzi zonse kukhoma, n'kubwerera m'mbuyo mapazi asanu. Aliyense amanena chimodzi chimene chagwira pa chithunzi cha mnzake ndi chimodzi choti akonze, ndipo womujambula uja ndiye amayamba kulankhula.

Nthawi yosiya ndi pamene mwayamba kugwiragwira ndi burashi yaing'ono popanda chimene mwaona pankhope ya munthuyo. Mukadzipeza mukuyang'ana pepala lokha, osayang'ananso munthu, ikani burashi m'madzi, muitsuke.

Kusunga

Chithunzi chikauma, matulani tepi pang'onopang'ono mokokera kunja, kuti asang'ambe pepala. Lembani dzina lanu ndi tsiku ndi pensulo pakona. Sungani zithunzi chogona pakati pa mapepala oyera, m'chikwama chotseka, pamwamba osati pansi, poti mphemvu zimadya utomoni wa mu utoto ndipo chinyezi cha dzinja chimabweretsa nkhungu. Chimene mukufuna kupachika chilowe m'felemu ya galasi, ndi kakatoni kozungulira m'mbali kuti pepala lisagunde galasilo, ndipo chikhale kukhoma kumene dzuwa silifika. Alizarin wamba amasuluka padzuwa, masaya n'kutha magazi. Pogula funani chubu cholembedwa kuti permanent.

Maburashi atsukeni ndi sopo pang'ono, muwasongole nsonga ndi zala, muwagoneke kuti aume. Musawasiye ataima m'chigubu, nsonga imapindika osabwereranso. Utoto wotsala m'mbale musautaye, Loweruka likudzalo mudzangoudontheza madzi n'kudzuka. Bokosi la utoto lisiyeni lotsegula mpaka liume musanalitseke. Ndipo musanachoke pakhonde, jambulani chithunzicho ndi foni pamthunzi kuti mutsale nacho, chifukwa nthawi zambiri mwini nkhope amapempha kupita nacho kwawo.